Waya wa Nambala Faifi

Ananditengera pulayala ya bambo anga. Inali ya zogwirira zofiira, chimodzi chosupuka pamene pamakhala chala chachikulu, ndipo inkanunkha girisi wa kumigodi ngakhale patapita zaka chichokereni ku Joni. Mpaka lero ndikamva fungo la chitsulo chopaka mafuta, kaya ndi pokonzera njinga pa Naisi kaya kuchigayo, malovu amandiwawa m'kamwa. Anthu a kuno ku Domasi amaikamba nkhaniyi m'njira yawo, ndipo ine ndatopa nayo njira imeneyo. Ndiinena kamodzi, monga momwe inachitikira.

Bambo anabwera kuchokera ku Joni ndi zinthu zitatu: wailesi, pulayala ndi chifuwa. Wailesi inagulitsidwa pa matenda. Chifuwa chinawatenga mvula ili pakati, ine ndili sitandade 4, cha m'katikati mwa zaka za m'ma 1980. Maliro awo sindinawaone mpaka kumapeto, chifukwa kwathu ana sapita kumanda. Anatitsekera kukhonde kwa azakhali, ndipo ndinangoona bokosi likukhota pa nsungwi za kumunsi, n'kulowa m'nkhalango ija ya mitengo ikuluikulu imene nkhwangwa siikhudza. Pamene anawagoneka sindinkapadziwa. Patapita masiku amayi anatsegula sutikesi ya malemu, n'kutulutsa pulayala ija yokutidwa m'sokosi. Anaiika m'manja mwanga. "Ndi yako iyi, Fanu. Uziisamala."

Titakolola, amayi anapuntha mpunga wa kudimba, n'kukagulitsa ku Zomba. Anabwerako ndi basi ya madzulo alibe shuga, alibe sopo, atangonyamula chinthu chimodzi chophwatalala ngati lichero, chokulungidwa m'chitenje. Anachisomeka kudenga kumene ine sindinkafika. M'mawa mwake kunabwera a Matiki, mkulu wa adzukulu, anthu okumba manda aja, ndipo anatsikira limodzi kunsungwi kuja. Nditafunsa kuti m'chitenjemo munali chiyani, amayi anati ndi za akuluakulu. Ndinaiwala tsiku lomwelo. Mwana wa zaka khumi ndi chimodzi sasunga zinthu zotero m'mutu.

Kenako inafika holide yaitali ya chilimwe. Nthawi imeneyo chigwa chathu chimakhala chofiira. Mapesi amagona m'minda, mbuzi zimayenda paliponse popanda wozithamangitsa, utsi wa lupsa umakwawa m'mbali mwa phiri, ndipo madzi a mtsinje amachepa mpaka miyala kuonekera misana. Fumbi limalowa m'mano. Tinkadzuka miyendo itatuwa, zidendene zitang'ambika, n'kumatafuna nzimbe kapena mbatata yootcha pa moto wa mapesi. Loweruka lina mumsewu wafumbi munadutsa magalimoto othamangitsana, olembedwa manambala akuluakulu m'mbali, oyendetsa atavala zipewa zachitsulo. Anadutsa ngati mphepo, kusiya nkhuku imodzi itafa ndi ana onse kukamwa kuli yasa. Galimoto ya waya mnyamata aliyense anali nayo kale, yongoyendetsa popita kuchigayo. Kuyambira tsiku limenelo tonse tinkafuna ya mpikisano.

Kampani tinaiyambitsa anthu atatu, kuseri kwa nkhokwe yathu. Ine ndinali wopanga, popeza pulayala inali yanga ndipo manja anali anga. Asani, mnyamata wa kutsidya kwa mtsinje, wowonda ngati bango, anali woyendetsa, chifukwa m'chigwa chonse munalibe womupitirira liwiro. Wachitatu anali Jeradi, mwana wa kalaliki wa ku koleji, wa kunyumba za njerwa ndi malata kuja. Iwo anali obwera, kwawo kwenikweni sitinkakudziwa. Jeradi ankavala nsapato ngakhale mkati mwa sabata, ankalankhula Chingerezi osachita manyazi, ndipo ntchito yake inali kupeza zipangizo, chifukwa kudzala la nyumba za aphunzitsi kunkatayidwa chuma: zitini za polishi, mabolopeni otha, machubu a njinga. Dzina ndinapereka ndine. Ndinati Namzeze, chifukwa kambalame kameneka kamauluka moyandikira pansi koma sikagunda mwala. Jeradi analemba pa katoni ndi makala kuti NAMZEZE MOTAZI, n'kukhoma pa nkhokwe. Tonse tinanyambita chala n'kuchidutsitsa pakhosi, kulumbira kuti za kampani ndi za tonse.

Mpikisano unkachitika Loweruka masana. Unkayambira pa mtengo wa mango wa pa tchalitchi, kutsika njira ya miyala, kukhota pa chulu, mpaka pa mlatho wa matabwa. Malamulo anali ochepa koma sitinkaseka nawo. Matayala onse anayi akhale pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ukanyamula galimoto, ngakhale pang'ono podumpha mwala, watuluka. Tayala likaguluka, watuluka. Choncho liwiro la munthu palokha silinkathandiza, chifukwa wothamanga amakankha galimoto ndi ndodo yaitali ya waya yochokera ku chiwongolero, ndipo ngati galimotoyo ndi yosalimba, imayamba kunjenjemera, kenako kumwazikana. Adani athu anali anyamata a ku Naisi. Iwo ankakhala m'mbali mwa msewu wa tala, mawaya sankawasowa, ndipo ankabwera akuimba nyimbo zotitukwana. Wopambana ankatenga mtolo wa nzimbe umene tonse tinkasonkha. Nzimbezo zinalibe kanthu. Chachikulu chinali choti dzina lako lizimveka sabata yonse.

Magalimoto athu tinkawapatsa manambala ngati aja tinawaona mumsewu. Nambala Wani ndinaipanga ndi waya wa mpanda wakale wa kumunda wa sukulu, wadzimbiri, wolemera ngati khasu. Matayala anali zitini za polishi zoboola pakati ndi msomali. Inkalira ngati ngolo, ndipo inamaliza mpikisano anyamata a ku Naisi atayamba kale kusenda nzimbe. Usiku wake sindinadye bwino. Ndinaona kuti vuto linali pa waya wodutsa pakati pa matayala, umene unkakhulana ndi thupi la galimoto. Ndinadula chubu cha bolopeni, n'kulowetsamo waya uja kuti uzizungulira m'kati mosalala, kenako ndinasinja nsatsi pamwala n'kudonthezamo mafuta ake. Imeneyo inali Nambala Thu. Inkayenda mwakachetechete moti Asani anaseka yekha ataikankha koyamba. Inatsogola mpaka pa chulu, pamene tayala lakumbuyo linaguluka n'kupita lokha kudimba kwa anthu.

Nambala Fili sinapikisane n'komwe. Tinaiiwala panja tikudya, ng'ombe ya a Matiki n'kuiponda. Pa Nambala Folo ndinaphunzira kupanga masipuling'i pokulunga waya pa msomali, kuti galimoto ikagunda mwala izinyutuka m'malo modumpha. Ndinakulunganso zitini ndi mphira wa chubu kuti zisaterereke pa fumbi. Imeneyo inafika yachiwiri, kusiyana ndi yoyamba mkono umodzi. Ndinkadziwa chimene chinatsala. Chiwongolero changa sichinkakhala chozungulira bwinobwino ngakhale ndikhome bwanji pa mtondo, ndiye Asani akakhota pa chulu dzanja linkakodwa. Ndiponso mfundo zonse ndinkamanga ndi mphira, umene ukapsa ndi dzuwa umaduka. Ndinkafuna waya woonda, wofewa, womangira. Kwathu kunalibe waya wotero. Ndinamuuza Jeradi kuti ngati sapeza, kampani itsekedwe, chifukwa ine kukhala wachiwiri kwa anthu a ku Naisi sindinkakufuna.

Patapita masiku awiri anabwera masana, Asani ali pambuyo pake, atabisa chinthu m'malaya. Anachitulutsa. Anali mawaya awiri okhuthala opindidwa kale mozungulira, wamkulu kunja, wamng'ono m'kati, ozungulira ndendende ngati mwezi, ntchito ya makina. Onse anali okulungidwa ndi waya woonda wobiriwira, wautali, wofewa ngati ulusi. M'thumba la kabudula anatulutsanso timapulasitiki tofiira ndi toyera, tooneka ngati masamba a duwa.

"Wazitenga kuti zimenezi?" ndinamufunsa.

"Kusitolo ya ku koleji. Amangotaya," anatero. "Iwe ufuna waya kapena ufuna mbiri ya waya?"

Asani sanaseke. Ankakanda pansi ndi chala cha kuphazi. Pa waya wamkuluyo panali dothi lakuda, lonunkha masamba owola, pamene dothi la ku koleji ndi lofiira ngati la kwina kulikonse. Ndinaliona, ndinalipukuta pa kabudula, n'kutenga pulayala.

Sindinagwirepo ntchito mokondwa ngati masiku amenewo, ndipo sindikuganiza kuti ndidzateronso. Amayi ankalawirira kudimba kukathirira tomato ndi mpiru, ine n'kukhala pansi pa nkhokwe mpaka mthunzi kusuntha. Waya wamng'ono wozungulira uja unakhala chiwongolero, osafuna kuukhudza n'komwe. Wamkulu ndinaudula, kuuwongola pamwala, n'kupinda thupi lalitali, lotsika kutsogolo ngati mlomo wa mbalame. Wobiriwira ndinaumasula pang'onopang'ono kuti usathyoke, ndipo ndinamanga nawo mfundo iliyonse, kukoka ndi pulayala mpaka zala kutuluka matuza. Timapulasitiki toyera ndinadula kukhala magetsi akutsogolo, tofiira akumbuyo. Kamodzi kofiira kotsala ndinakasiya kathunthu, n'kukamangirira pamphuno pa galimoto kuti kakhale chizindikiro cha kampani. Dzuwa likamalowa ndinkaibisa m'nkhokwe pansi pa chimanga, kuopa akazitape a ku Naisi. Amayi sindinawaonetse dala. Ndinkafuna adzaione itapambana. Ndikagwira pulayala ndinkaganiza kuti bambo akanakhalapo akanaitembenuza galimotoyo uku ndi uku, n'kugwedeza mutu ngati mmene ankachitira akakonza loko.

Loweruka limenelo kunatentha kuyambira m'mawa. Pa mtengo wa mango panadzaza ana, ena ochokera ku Malemia kumtunda, ngakhale anyamata akuluakulu oweta ng'ombe. Titatulutsa Nambala Faifi phokoso linatha. Mmodzi wa a ku Naisi anati, "Iyi mwagula, simunapange," ndipo mawu amenewo anandikoma kuposa nzimbe. Asani anavula malaya, kulavulira m'manja, n'kugwira chiwongolero. Atangoti yambani, fumbi linakwera. Ine ndinathamangira m'mbali, m'mapesi, minga ikundibaya osaimva. Galimoto inkayandama pa miyala, masipuling'i akugwira ntchito, magetsi ofiira akuthwanima padzuwa. Pa chulu, pamene Nambala Thu inafera, Asani anangopotoza dzanja, iyo n'kukhota ngati ili ndi nzeru zake. Inagunda matabwa a mlatho a ku Naisi asanafike n'komwe pa mtengo wa mkuyu wa kumunsi kwa chulu. Ana anakuwa dzina la Namzeze. Jeradi anandikumbatira, thukuta lake likununkha sopo wa m'sitolo.

Nthawi yomweyo ndinaona amayi akuwoloka mlatho kuchokera kuchigayo, dengu la ufa pamutu, nkhope ili mbuu. Ndinalanda galimoto kwa Asani n'kuwathamangira.

"Amayi, tawina! Ndapanga ndine, taonani!"

Anamwetulira kaye. Kumwetulirako ndimakukumbukira chifukwa kunali komaliza kwa mtundu umenewo. Kenako maso awo anafika pamphuno pa galimoto. Anatula dengu pansi okha, osapempha wowathandiza, n'kugwada pa matabwa. Anagwira kapulasitiki kofiira kaja ndi zala zaufa, kenako chiwongolero, kenako waya wobiriwira.

"Maluwa awa wawatenga kuti?"

"Si maluwa amayi, ndi magetsi."

Sanandimenye. Anasiya ufa pomwepo pa mlatho, n'kuyenda molunjika kwa a Matiki. Dzuwa lisanalowe aliyense anali atamva. Chinthu chija chinabwera m'chitenje kuchokera ku Zomba chinali nkhata ya maluwa apulasitiki. Amayi analibe ndalama zomangira chiliza cha simenti, ndiye anagulitsa mpunga wonse kuti agule maluwa osafota, oti akhale pa manda a mwamuna wawo mpaka adzapeze ndalamazo. M'manda monse nkhata yotero inali imodzi yokha. A Matiki atapita kukaona anapeza tizikhomo tinayi timene anaikhomera, ndi duwa limodzi loyera pansi. Ine ndinali nditaidula ndi pulayala ya mwini wake.

Nkhani inakambidwa mawa lake, anthu atatuluka m'tchalitchi, pakhonde pathu. Panali a Matiki ndi adzukulu ena awiri, azakhali, amayi, ndi anthu ongofuna kumva amene anadzaza mpaka kunkhokwe. Galimoto anaiika pakati. A Matiki anali munthu wanthabwala ngati adzukulu onse, ndipo anayamba ndi kuikankha pang'ono ndi phazi. "Ndiye malemu agula galimoto osatiuza," anatero. "Ife kuwanyamula pamapewa chikhalirecho ali ndi yawoyawo." Anthu anaseka, amayi ayi. Kenako anandifunsa, ndipo ndinanena zonse mmene ndalembera pano. Anatuma mwana kukaitana Jeradi. Anabwera ndi bambo ake, atavala tayi, ndipo anthu anawapatsa mpando wokhawo umene tinali nawo.

"Ine ndimangobweretsa zitini ndi mabolopeni," anatero Jeradi, akuyang'ana a Matiki m'maso. "Waya umenewu ndinaupeza ali nawo kale."

Ndinaimirira kuti ndimugwire pakhosi, azakhali n'kundikokera pansi. Bambo ake sanakweze mawu. Analankhula pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati akuwerenga kalata. "Pepani mayi, nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni. Koma ife ndife obwera. Manda a kuno sitidziwa ndi polowera pomwe. Tsono taganizani akuluakulu, manda onse ali m'nkhalangomo, mwana wanga akasankhe bwanji a bambo a mnzake? Amene mtima umamukokera pamene pagona bambo ake ndani?" Ndinaona mitu ikugwedezeka. Ndinakuwa kuti kumanda sindinapondeko chibadwire. A Matiki anati ana onse amatero, ngakhale iwo ali mwana ankatero. Anatsala Asani. Anali ataima kumbuyo, ndipo atamuitana kutsogolo ndi pamene ndinaona kuti wavala nsapato za tenesi, zazikulu pang'ono, zimene ndinkazidziwa bwino chifukwa zinkakhala kumapazi kwa Jeradi. Asani anali asanavalepo nsapato.

"Ine sindinaone kanthu," anatero. "Ndimangoyendetsa."

Zinathera pomwepo. Adzukulu anati polowa kumanda popanda chilolezo pafunika nkhuku, ndipo amayi anagwira thadzi lathu loikira, n'kulimanga miyendo okha. Adzukuluwo anatinso galimoto ibwerere kumene inachokera. Kenako amayi analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi pulayala m'sokosi muja. Anagwada pamaso pa bambo a Jeradi, kupepesa kuti mwana wawo wanamiziridwa. "Isungeni inu bambo. M'nyumba muno isagonenso." Munthuyo anakana kamodzi, mwa mwambo, n'kulandira. Anati adzandibwezera ndikadzakula ndi kukhala ndi nzeru. Anailowetsa m'thumba la jekete, zogwirira zofiira zikusuzumira kunja.

Galimoto anapita nayo a Matiki. Sanainyamule. Anagwira chiwongolero n'kuikankha m'njira ya kunsungwi, mdala wa imvi, nkhuku kukhwapa, adzukulu anzake akuseka pambuyo. Ndinaima pa nkhokwe kuyang'ana. Inkayenda mowongoka, osagwedera ngakhale pang'ono, magetsi ofiira akuchepa mpaka analowa m'mitengo. Ndimamva kuti anaiika pamtumbira pamene panali nkhata. Nambala Faifi inapikisana kamodzi, inapambana kamodzi.

Kampani sinafe, inangosintha mwini. Sukulu isanatsegulidwe, kuseri kwa nyumba ya malata kuja kunakhomedwa katoni ina yolembedwa JERADI MOTAZI. Pulayala imene inkasungidwa kuti ndidzakule inali m'manja mwake tsiku lililonse. Woyendetsa anali Asani. Chubu cha bolopeni, mafuta a nsatsi, masipuling'i a pa msomali, zonse anazitenga, ndipo ana a ku Malemia ankati ndi nzeru za Jeradi. Anapambana kangapo mvula isanagwe. Ine kusukulu ndinapeza dzina latsopano likundidikira. Ankanditcha Wakumanda. Pa benchi ankasiya mpata mbali zonse ziwiri, ndipo chimanga changa chokazinga panalibe wopempha. Aphunzitsi ena akasowa choko ankati afunseni a Wakumanda, mwina akudziwa kumene kuli china. Ndinapirira mpaka sitandade 6, ndinamenya mwana wina mpaka kumuchotsa dzino, n'kusiya. Sindikunena kuti ndikanakhala dokotala. Fizi nayonso inkavuta. Koma amene anandikankha poyamba ndikumudziwa.

Chaka chatha ndinkaumba njerwa za ganyu ndi Asani m'mbali mwa mtsinje. Wakula, ali ndi mkazi ndi mwana, liwiro lija linatha. Tili m'matope mpaka m'mawondo anangoyamba yekha, osamufunsa. Anati tsiku lija iye ndi Jeradi anapita kukasaka mbalame ndi legeni, Jeradi n'kuona maluwa akuwala m'mitengo. Asani anaopa, anaima panjira. Jeradi analowa, chifukwa kwawo za manda sankaziopa. Pamutu pa mtumbira panali mtanda wathabwa wolembedwa ndi penti, ndipo Jeradi, amene ankakhoza kuwerenga kuposa tonse, anawerenga mokweza. Anati, "Iii, ndi dzina la kwa Fanu ili." Anaima pang'ono, kenako anaseka. "Basi ndiye ndi waya wa kampani." N'kuzula.

Zaka zonsezi Jeradi ndinkamusiyira kampata kameneko, koti mwina sankadziwa kuti manda ndi a yani. Ndinamugwira Asani pamkono, matope ali thupi lonse, mpaka kunyumba, kuti akanene pamaso pa amayi. Ananena zonse, mutu uli pansi. Amayi anamvetsera akusankha nyemba m'lichero. Atamaliza anamuyang'ana kumapazi.

"Asani wake uti? Yemwe uja wa nsapato?" anatero. "Lero wakupatsa chiyani mnzakoyu?"

Sindiwaimba mlandu. Munthu amene anagulidwa kamodzi mawu ake sagulanso kanthu. Watsala mmodzi yekha amene amayi angamukhulupirire, ndipo ameneyo ali ku Blantyre, akuphunzira za makina. Ndinakumana naye pa siteji ya basi pa Naisi Khirisimasi yapitayi, atavala magalasi, ali ndi mtsikana. Anandigwira dzanja ndi manja awiri. Anamuuza mtsikanayo kuti uyu ndi Fanu, tinali ndi kampani ya magalimoto tili ana, ndi kumene chidwi changa cha makina chinayambira. Ndinamufunsa za pulayala. Anakwinya nkhope ngati akuyesetsa kukumbukira. "Yofiira ija? Kodi inali yako?" Basi inabwera, anakwera.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti chimene ndinataya ndi pulayala. Ndinkalira chifukwa cha iyo, ndinkailota, ndinkadutsa dala kuseri kwa nyumba za ku koleji kuti ndimve kulira kwake ikamadula waya. Ndinkati ndikadzakula ndidzagula ina, nkhani n'kutha. Ina ndinagula, ili pano, ndimakonzera njinga za anthu ndi ndowa zodontha. Amayi amandiphikira, amandichapira ndikadwala, sanatchulepo nkhani ya nkhata ngakhale kamodzi. Koma chaka chilichonse mudzi ukamapita kukalambula kumanda, ine amene tsopano ndili ndi ndevu ndipo ndinakumbapo manda a anthu ena kutsidya, amandiuza kuti nditsale ndiyang'anire mbuzi. Amanena mofatsa, osandiyang'ana. Pamene pagona bambo anga sindikupadziwabe.

Ndiye Jeradi, ngati izi zidzakufike, ngongole yako nayi. Pulayala imodzi ya zogwirira zofiira. Thadzi limodzi loikira. Ndi ulendo umodzi wa pa basi kubwera ku Domasi, udzaime pakhonde pathu, amayi anga akadali ndi makutu, udzanene kuti unazula ndiwe.